Esiteti ikagulitsidwa kapena ntchito ikapita kwa kontirakitala, zaka zanu zimatsala kuti?

Mwezi watha ndinakumana ndi alamu anga pa Luchenza akudikira minibasi ya ku Muloza. Iwo ndi mlonda pa esiteti ina ya tiyi, ndipo agwirapo zaka 12. Tisanamalize n'komwe kulonjerana anandikokera pambali. "Alamu, inu mumatsata zamalamulo, tandimasulirani. Akuti kuyambira Januwale alonda tonse tikhala m'manja mwa kampani ya zachitetezo. Geti lomwelo, tochi yomweyo, koma malipiro azichokera kwina. Nanga zaka zangazi zipita kuti?"

Funso limeneli si la iwo okha. Ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene tiyi amalemba anthu pafupifupi 50,000 m'miyezi ya mvula, mphekesera ya kugulitsidwa kwa esiteti imathamanga kuposa thirakitala ya masamba. Ena amati mwini akasintha aliyense amayambiranso pa ziro. Ena amati mwini wakale ayenera kulipira aliyense ndalama zotsanzikana asanapereke makiyi. Lamulo silinena chilichonse mwa ziwirizi. Yankho lili m'lamulo la Employment Act la mu 2000, makamaka m'magawo 32, 42 ndi 43, ndipo limamveka bwino esiteti ikagulitsidwa. Pa nkhani ya alamu anga, pamene ntchito yangoperekedwa kwa kampani ina, yankho limavutirapo.

Munthu sagulitsidwa pamodzi ndi munda

Gawo 32 lili ndi ndime ziwiri, ndipo poyamba zimaoneka ngati zikutsutsana. Ndime yoyamba ikuti bwana sangasamutse kontirakiti ya wantchito kupita kwa bwana wina popanda chilolezo cha wantchitoyo. Kwa ife a kuno mfundo imeneyi ili ndi kulemera kwake. Agogo athu ankadziwa thangata: munthu wokhala pa malo a mzungu ankalipira lendi ndi thukuta lake, ndipo malo akagulitsidwa ankadzuka m'mawa ali pansi pa bwana amene sanamusankhe. Thangata inathetsedwa mu 1962.

Mfundo yakuti wantchito ali ndi ufulu wosankha womugwirira ntchito inakhazikika m'makhoti a ku Britain, kumene malamulo athu ambiri anachokera. Mu 1940 khoti lalikulu la kumeneko, pa mlandu wa Nokes, munthu wogwira ntchito mu mgodi wa malasha, linagamula kuti kampani yake itasamutsidwa kupita kwa ina, iye sanasanduke wantchito wa kampani yatsopanoyo popeza sanavomereze. Chigamulocho chinamveka chokomera wantchito, koma chinali ndi kuseri kwake. Ngati kontirakiti siingasamuke, ndiye kuti bizinesi ikagulitsidwa ntchito yatha. Wogula amasankha amene akumufuna, pa malipiro amene akufuna, ndipo zaka zonse zakale zimafufutika.

Ndime yachiwiri inabwera kudzatseka mpata umenewu. Ikuti bizinesi, kapena mbali yake, ikagulitsidwa, kusamutsidwa kapena kuperekedwa kwa wina mwa njira ina iliyonse, kontirakiti ya aliyense amene ali pa ntchito tsiku limenelo imasamuka yokha kupita kwa mwini watsopano. Palibe kufunsiranso ntchito kapena kuyesedwanso, ndipo sipafunika kalata yatsopano.

Chimene chimasamuka

Kumudzi timadziwa kuti wolowa ufumu salandira mpando wokha. Milandu imene mnzake anaisiya pabwalo imakhala yake, malire amene mnzake anadula amawalemekeza. Gawo 32 limamutenga mwini watsopano chimodzimodzi: zonse zimene mwini wakale anachita kapena kulonjeza kwa wantchito zimawerengedwa ngati anazichita ndi iyeyo.

Choncho malipiro amakhala omwewo, giredi yomweyo, maola omwewo. Masiku a tchuthi amene simunatenge amakutsatirani. Ngati mwini wakale anali ndi ngongole ya ovataimu ya miyezi itatu, mwini watsopano sanganene kuti kafunseni amene anachokayo. Ngati nyumba ya pa esiteti, chithandizo cha kukiliniki kapena chakudya cha masana zinali mbali ya mgwirizano wanu wa ntchito, nazonso zimasamuka. Pa esiteti mfundo imeneyi si yaing'ono, chifukwa kwa mabanja ambiri ntchito ikatha ndiye kuti denga nalonso latha, ndipo ana ayenera kusintha sukulu.

Udindo wa wantchito nawo umasamuka. Kalata ya chenjezo imene munalandira kwa bwana wakale siipsa ndi moto tsiku logulitsa. Ngongole imene munatenga ku ofesi mudzaibweza kwa mwini watsopano.

Gawo 42 limawonjezera za zaka. Likuti bizinesi ikagulitsidwa, kubwereketsedwa pa lendi kapena kusamutsidwa, nthawi imene munthu wagwira kwa mabwana otsatizanawo imawerengedwa ngati nthawi imodzi yosaduka pansi pa bwana womaliza.

Kugula masheya ndi kugula katundu

Esiteti imagulitsidwa mwa njira ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Taganizirani dengu la masamba. Njira yoyamba, dengu limangochoka pamsana pa munthu wina kupita pamsana pa wina, masamba ali momwemo osakhudzidwa. Umu ndi mmene zimakhalira pogula masheya, kutanthauza magawo a umwini wa kampani. Pamaso pa lamulo kampani ili ngati munthu payokha, ndipo ndiyo inakulembani ntchito, osati eni masheya. Eni ake akasintha, bwana wanu sanasinthe. Mu 2012 gulu la Dhunseri la ku India linagula Makandi ya ku Thyolo ndi Kawalazi ya ku Nkhata Bay kuchokera ku Global Tea & Commodities, ndipo mu 2014 Gillanders Arbuthnot, nayonso ya ku India, inagula kampani imene inali mwini wa Naming'omba. Mayina a maesitetiwo sanasinthe. Pa kugulitsa kwa mtundu umenewu gawo 32 silifunika n'komwe, chifukwa palibe kontirakiti imene yasuntha.

Njira yachiwiri ndi yokhuthula masamba kuchoka m'dengu lina kupita m'dengu lina. Kampani imagulitsa minda, fakitale ndi magalimoto kwa kampani ina, yokha n'kutsala ndi ndalama. Apa bwana wasinthadi, ndipo apa ndi pamene gawo 32 limagwira ntchito. Zingakhale esiteti yonse, zingakhale mbali imodzi, monga divishoni imodzi, munda wa makademiya kapena khola la ng'ombe za mkaka.

Zaka ndi ndalama

Chifukwa chimene alamu anga anafunsira za zaka, osati za yunifolomu, n'chakuti pafupifupi ufulu uliwonse m'lamuloli umakula ndi zaka. Chachikulu ndi sevelansi, ndalama zimene munthu amalandira akachotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa anthu, yakumana ndi mavuto azachuma, yasintha kagwiridwe ka ntchito, kapena yamuchotsa mopanda chilungamo. Chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010, sevelansi imawerengedwa m'makwerero: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kuyambira chaka cha 11.

Tiyerekeze mayi wa mu fakitale amene anagwira zaka 9 kwa mwini wakale, kenaka zaka 3 kwa watsopano, n'kuchotsedwa pochepetsa anthu. Zaka zake zikawerengedwa pamodzi ndi 12: masabata 10 a zaka zoyamba, 15 a zaka zotsatira, 8 a zaka ziwiri zomaliza. Onse pamodzi 33. Akanati anayambiranso pa ziro, akanalandira masabata 6 okha.

Chipukuta misozi cha munthu wochotsedwa mopanda chilungamo chimayendanso ndi zaka. Gawo 63 limaika malire a pansi: sabata imodzi pa chaka kwa amene sanapitirire zaka 5, masabata 2 kwa wa zaka 5 mpaka 10, masabata 3 kwa wa zaka 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira zaka 15. Notisi nayo: wolandira malipiro pa masabata awiri aliwonse amapatsidwa notisi ya masabata awiri, koma akakwanitsa zaka 5 imakhala ya mwezi. Ngakhale tchuthi chodwala, chimene ndi masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, chimayamba munthu akamaliza miyezi 12. Woyambiranso pa ziro amadikiranso chaka.

"Atipatse zathu kaye"

Mawu amenewa amamveka pa msonkhano uliwonse wolengeza za kugulitsa. Lamulo siligwirizana nawo. Sevelansi imabwera kontirakiti ikatha, ndipo pa gawo 32 kontirakiti siitha, imangosamuka. Wantchito sangakakamize mwini wakale kumulipira sevelansi pamene ntchito ikupitirira. Amene sakufuna bwana watsopanoyo akhoza kusiya ntchito popereka notisi, koma wosiya yekha salandira sevelansi.

Nthawi zina mbali zonse zimagwirizana kuti aliyense alipiridwe n'kulembedwanso mwatsopano. Pamenepa pali zoyeza. Mayi uja akanalandira masabata 22 tsiku logulitsa, kenaka 6 patatha zaka zitatu, onse 28 m'malo mwa 33, ndipo 22 oyambawo akanawerengedwa pa malipiro akale, omwe ndi ochepa. Komanso wolembedwa mwatsopano alibe chitsimikizo chakuti giredi yake ibwerera. Koma amene amafuna ndalama m'manja nawo si opusa. Anaona kwacha ikutsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anaonapo makampani akugwa asanalipire anthu. Kwa iwo malata 20 lero aposa lonjezo la bwana amene sakumudziwa. Ine ndimamvetsa mbali zonse ziwiri. Chimene chimandipweteka ndi munthu kusayina asanauzidwe kuti akusankha pakati pa ziwirizi.

A sizoni

Othyola tiyi ambiri amalembedwa mvula ikayamba cha mu Disembala n'kupuma masamba akachepa cha mu Meyi. Ambiri a iwo amaganiza kuti nkhani ya zaka siiwakhudza. Gawo 43 likuti pa ntchito imene mwachizolowezi imalemba anthu nyengo zina zokha, munthu akalembedwa nyengo zotsatizana, nthawi yonse imene anagwiradi imaphatikizidwa. Wothyola miyezi 6 chaka chilichonse kwa nyengo 10 ali ndi zaka 5, ndipo gawo 42 limanyamula zakazo kupita nazo kwa mwini watsopano.

Pali pamodzi pofunika kusamala. Ndime yachiwiri ya gawo 32 imakamba za amene ali pa ntchito tsiku logulitsa. Esiteti ikagulitsidwa mu Ogasiti, a sizoni ali kumudzi, funso lakuti kontirakiti yawo inalipo tsikulo limadalira mmene inalembedwera: kodi inatha, kapena anangopumitsidwa kudikira mvula? Gawo 41 limati kupumitsidwa kwa kanthawi sikudula zaka. Apa ndi pamene bungwe la ogwira ntchito limayenera kufunsa msanga kuti mndandanda wa a sizoni ndi zaka zawo ulembedwe m'mgwirizano wogulitsa.

Ntchito ikapita kwa kontirakitala

Tsopano tibwerere pa geti la alamu anga. Chimene esiteti yawo ikufuna kuchita amachitchula outsourcing: kampani kusiya kugwira ntchito ina ndi anthu ake, n'kulipira kampani ina kuti iziigwira. Zimachitika kawirikawiri pa ulonda, kusesa, kuphika, kunyamula masamba ndi nkhuni pa malole, kudula bulugamu woyatsira moto mu fakitale, ndi kukonza misewu.

Makampani ali ndi zifukwa zawo. Mtengo wa tiyi pa okishoni ya ku Limbe suikidwa ndi esiteti, pamene feteleza, dizilo ndi zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mamanejala amati ntchito yawo ndi tiyi, ulonda auchite odziwa ulonda, ndipo kontirakitala wamng'ono wa pa Chitakale kapena pa Bvumbwe akapeza ntchito yotere amalemba anthu akwawo. Ogwira ntchito nawo ali ndi mantha awo. Malipiro a m'tiyi amakambidwa pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la Plantation and Agriculture Workers Union, lodziwika kuti PAWU, ndipo mgwirizano woyamba wa mtundu umenewu unasayinidwa mu 2016. Mlonda akachoka m'buku la esiteti kupita m'buku la kampani ya zachitetezo, angapezeke kunja kwa mgwirizanowo, kunja kwa nyumba, kunja kwa mzere wa nsima ya masana.

Gawo 32 silitchula outsourcing ndi dzina. Limakamba za bizinesi kapena mbali yake imene yagulitsidwa, kusamutsidwa kapena kuperekedwa. Mkangano wonse umagona pa funso limodzi: kodi chimene chapita kwa kontirakitala ndi mbali ya bizinesi, kapena ndi ntchito chabe?

Tione zitsanzo ziwiri. Esiteti ili ndi dipatimenti ya zoyendayenda: malole 8, galaja, makaniki, madalaivala ndi mkulu wawo. Ikapereka zonsezi kwa kampani ina kuti izinyamula masamba omwewo m'misewu yomweyo, n'kovuta kukana kuti mbali ya bizinesi yasamuka, ndipo madalaivala ayenera kusamuka ndi zaka zawo. Koma esiteti ikagulitsa malole ake kwa anthu osiyanasiyana, n'kuitana kampani yobwera ndi malole ake ndi madalaivala ake, palibe chinthu chimodzi chimene tingaloze kuti ichi chachoka apa chapita apo. Madalaivala akalewo ali pa nkhani ya kuchepetsa anthu: notisi ndi sevelansi kuchokera ku esiteti.

Ulonda uli pakati, ndipo n'chifukwa chake umavuta. Dipatimenti ya alonda ilibe makina. Katundu wake ndi anthu, kuphatikiza matochi ndi mawesulo. Makhoti a ku Ulaya ndi ku South Africa akakumana ndi ntchito yotere amafunsa ngati gulu la anthu linali lodziwika palokha, ngati kampani yatsopano yatenga ambiri a iwo, ngati ntchito ndi malo zili zomwezo, ndi ngati sipanakhale kuduka pakati. Alonda 40 akagona ali a esiteti n'kudzuka ali a kontirakitala, pa mageti omwewo ndi akuluakulu awo omwewo, pali maziko olimba onenera kuti mbali ya bizinesi yasamuka.

Chimene ndinawauza alamu anga n'chakuti pali misewu iwiri, ndipo lamulo silidziwa wachitatu. Ngati ndi kusamuka kwa pa gawo 32, zaka 12 zikupita nawo ndipo malipiro satsika. Ngati si kusamuka, ndime yoyamba ija ikugwira ntchito: esiteti siingawapereke kwa kampani ina iwo osavomera, ndipo ngati malo awo atha iyenera kuwapatsa notisi ndi sevelansi ya masabata 33. Msewu wakuti zaka zisowe, sevelansi osalandira, ulipo pokhapokha munthu atalemba yekha kalata yosiya ntchito. N'chifukwa chake pepala lofunika kuliwerenga kawiri ndi lija amati "tangosayinani apa kuti tikulembeni ku kampani yatsopano".

Kontirakitala akasintha kachiwiri nkhani imavuta kuposa apa. Kontirakiti ya zaka ziwiri ikatha, esiteti n'kupatsa ntchito kampani ina, makampani awiriwo sanagulitsane kanthu. Woluza amati ndilibe geti lokuikani, wopambana amati sindikukudziwani. Bwana wa mlonda pamenepa ndi kampani yoluzayo, ndipo ndiyo iyenera kumupezera malo ena kapena kumulipira.

Palinso funso lakuti bwana weniweni ndani. Lamulo potanthauzira wantchito silidalira dzina la pa pepala lokha. Limaphatikiza munthu amene amadalira wina pa chuma ndipo ali ndi udindo womugwirira ntchito mofanana ndi wantchito. Ngati kapitawo wa esiteti ndiye amagawa mizere, kulemba mayina m'mawa ndi kulanga, kontirakitala n'kumangobweretsa envelopu, wantchito ali ndi poyambira ponena kuti bwana sanasinthe. Gawo 28 nalo likuti kontirakiti ya nthawi yochepa imene cholinga chake n'kudzaza malo okhazikika a bizinesi imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi.

Mmene anzathu anachitira

Mayiko ena anaona mpata womwewu n'kuulemba m'malamulo. Ku Ulaya lamulo loteteza antchito bizinesi ikasamuka linayamba mu 1977, ndipo Britain inalitsatira mu 1981 ndi malamulo odziwika kuti TUPE. Mu 2006 anawalembanso n'kutchula mwachindunji zinthu zitatu: ntchito ikaperekedwa kwa kontirakitala, ikachoka kwa kontirakitala wina kupita kwa wina, ndi ikabwerera kwa mwini wake. Pa zonsezi antchito amasamuka nayo, bola ngati panali gulu lokonzedwa kuti lizigwira ntchito ya kasitomala ameneyo. Mabwana amayenera kudziwitsa oimira antchito zisanachitike, ndipo akalephera akhoza kulipira mpaka malipiro a masabata 13 kwa munthu aliyense.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, gawo 197 la Labour Relations Act ya mu 1995 limagwira ntchito yofanana, ndipo mu 2002 anawonjezera mawu ophatikiza ntchito zothandiza, monga kusesa ndi ulonda. Kuyambira 2015, munthu wa malipiro otsika wobweretsedwa ndi kampani yobwereketsa antchito akapitirira miyezi 3 amatengedwa ngati wantchito wa kumene akugwirako. Amene amayamikira malamulo amenewa amati amaletsa kupikisana potsitsa malipiro. Amene amawadandaula amati amamanga manja kontirakitala watsopano ndi anthu amene sanawasankhe, ndipo milandu yake imatenga nthawi. Gawo 32 lathu ndi lalifupi kuposa onsewa, ndipo silikakamiza mabwana kulengeza za kusamukako masiku akutiakuti zisanachitike.

Kodi mwini watsopano angachotse anthu?

Angathe. Gawo 32 limasunga kontirakiti, silipereka ntchito ya muyaya. Koma mwini watsopano ali pansi pa gawo 57 monga analiri wakale: payenera kukhala chifukwa chomveka chokhudza khalidwe la munthu, luso lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Ngati wabweretsa makina othyolera tiyi kapena waphatikiza mafakitale awiri, akhoza kuchepetsa anthu, ndipo adzalipira sevelansi ya zaka zonse, kuphatikiza zimene iye kunalibe. Pa khoti, gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwa pa bwana, osati pa wantchito, ndipo limafuna kuti bwanayo asonyeze kuti anachita mwachilungamo.

Nkhani yokambirana ndi antchito asanachotsedwe yakhala ikukokanakokana. Mu 1986 Malawi inavomereza pangano nambala 158 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, ndipo panganolo limalimbikitsa kukambirana. Mu 2014 Khoti la Suprimu, pa mlandu wa First Merchant Bank, linati Employment Act payokha siikakamiza kukambiranako. Kuchokera apo oweruza ena apitirizabe kukuona ngati mbali ya chilungamo chimene gawo 61 limafuna. Kumene mgwirizano wa yuniyoni kapena malamulo a kampani amalamula kukambirana, bwana ayenera kutsatira.

Mwini watsopano sangatsitse yekha malipiro kapena kulanda zimene zili mu kontirakiti. Kusintha kumafuna mgwirizano. Akafinya munthu mpaka kukhala kosatheka kupitiriza, gawo 60 limalola wantchitoyo kuchoka n'kudandaula ngati wochotsedwa, koma ndi njira yofunika uphungu munthu asanaiyambe, chifukwa umboni uyenera kuchokera kwa iye. Kumbali ina, gawo 35 limamana sevelansi munthu amene wakana popanda chifukwa ntchito imene bwana wamupatsanso pa malo omwewo ndi pa zinthu zosachepera zakale.

Penshoni, ndi kampani ikagwa

Penshoni siikhala m'thumba la esiteti. Chiyambire 2011 bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo ndalamazo zimasungidwa ku thumba la penshoni m'dzina la wantchito. Lamulo latsopano la mu 2023 linasunga dongosolo limeneli. Mwini akasintha, zimene zinalowa kale sizisuntha. Chofunika kufufuza ndi miyezi imene inadulidwa pa malipiro koma sinafike ku thumba. Pemphani sitetimenti tsiku losamuka lisanafike.

Kampani ikagwa ndi ngongole, gawo 34 limati makontirakiti amatha pakapita mwezi umodzi, pokhapokha bizinesi ikupitirira kapena yasamutsidwa kwa wina. Limaikanso malipiro otsalira, ndalama za tchuthi ndi sevelansi patsogolo pa ngongole zina.

Mapepala ndi kokadandaula

Milandu yambiri ya zaka imatayika chifukwa chosowa umboni wa tsiku loyamba ntchito. Makalaliki amasintha, mabuku akale amatsala ndi mwini wakale kapena amadyedwa ndi chiswe. Sungani kalata yolembedwa ntchito, nambala yanu ya ntchito, mapepala a malipiro ngakhale ochepa a chaka chilichonse, ndi khadi lakale. Ajambuleni pa foni. Pa kalata iliyonse yochokera kwa bwana watsopano yang'anani mzere umodzi: tsiku loyamba ntchito. Likalembedwa la chaka chino pamene munayamba mu 2013, funsani musanasayine. Pepala lonena kuti mwalandira zanu zonse ndipo mulibenso chodandaula lipempheni mupite nalo kunyumba, mukaonetse oimira yuniyoni.

Ntchito ikatha, gawo 53 limati malipiro ndi zina zonse ziperekedwe pasanathe masiku 7, ndipo muli ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi imene munagwira. Dandaulo limayambira ku ofesi ya leba pa boma la Mulanje kapena la Thyolo. Ofisala akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo pa mwezi umodzi, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, limene kwa ife lapafupi lili ku Blantyre. Osowa ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku leba pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa, ndipo miyeziyo imawerengedwa ngakhale pamene mukudikira lonjezo lakuti muitanidwanso.

Alamu anga anakwera minibasi atalemba mafunso atatu kuseri kwa risiti ya feteleza, oti akafunse pa msonkhano wa Lolemba: ngati ndi kusamuka kapena kuchotsedwa, tsiku limene lidzalembedwe kuti anayamba ntchito, ndi za nyumba.